Maola Awiri M'mwamba: Ulendo Wochokera pa Fort Lister Kupita ku Joni

Foni inalira chakumadzulo m'mwezi wa Epulo, ndili pakhonde kutong'ola chimanga. Anali alamu anga, akuimba kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndinadziwiratu ndi mawu awo kuti kulibe mtendere. Achimwene anga, amene akhala ku Joni zaka 14 akugwira ntchito yowotcherera zitsulo, anagwa kuntchito. Madokotala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, lilime linalemera, ndipo mawu amene ankamveka bwino pakamwa pawo anali amodzi okha: "Amayi."

Nditawafotokozera amayi, anakhala chete nthawi yaitali atagwira tsaya. Kenako anati, "Mwananga, za pafoni ndatopa nazo. Ndikufuna ndikamuone ndi maso angawa."

Amayi ali ndi zaka 73. Amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, ndipo akakhala pansi nthawi yaitali mapazi awo amatupa. Achimwenewo ndiwo eni mbumba yathu, ndiwonso amalipirira ana athu atatu sukulu. Choncho panalibe woletsa ulendowo. Funso linali lakuti, kodi Joni ali kutali bwanji kwa mayi wachikulire wokhala pa Fort Lister, ndipo thupi lake lingapirire maola angati panjira? Popeza ndine amene ndimathandiza za umoyo kumpingo kwathu, abale onse anayang'ana ine.

Mpata wa anthu apaulendo

Kwa amene simunafikeko, kwathu ndi pampata wa pakati pa mapiri awiri m'boma la Phalombe. Mukaima pabwalo pathu, mbali ina mukuona phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mbali inayo kuli phiri la Michesi, lotalika mamita oposa 2,200. Msewu wafumbi umachoka pa Phalombe, n'kukwera pakati pa mapiriwa, n'kutsetserekera ku Nkhulambe, kufupi ndi malire a Mozambique. Alendo okwera phiri amayambira pano akafuna kukagona ku kanyumba ka ku Sombani. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, mutha kukhala masiku atatu osaona nsonga ya phiri lililonse, zovala osauma pachingwe.

Mpata umenewu ndi njira yakalekale, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu pano, atawamanga m'magoli, kulowera kunyanja yamchere ku Quelimane, mtunda wa makilomita oposa 250 mukayeza mowongoka. M'chaka cha 1893 boma la atsamunda, lotsogoleredwa ndi Harry Johnston, linamanga linga pano kuti litseke njirayo, ndipo linaikapo asilikali, ena mwa iwo a mtundu wa Sikh ochokera ku India. Lingalo analitcha dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa mu ofesi yoona za maiko akunja ku London. Linagwira ntchito zaka pafupifupi 10 basi, kenako linasiyidwa. Lero patsala mabwinja a makoma m'tchire, ndi manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson.

Tili ana tinkasewera pamabwinjawo osadziwa kanthu. Nditakula m'pamene ndinazindikira kuti anthu a pampata pano akhala akuchoka kuyambira kale. Ena anachoka atamangidwa. Agogo athu aamuna anachoka mwa kufuna kwawo, wapansi, kukafuna ntchito ku Halale ndi ku Joni. Munthu woyenda makilomita 30 patsiku angathe pafupifupi miyezi iwiri kuti akafike ku Johannesburg, ndipo ambiri ankaima panjira kugwira ganyu m'mafamu kuti apeze kamba. Ena sanabwerenso, n'kukhala matchona. Bambo anga anapita pa ndege ya Wenela. Achimwene anapita pa basi. Malo awiriwa sanasunthe, chimene chakhala chikusintha ndi masiku amene munthu amathera pakati pake.

Basi kapena ndege

Ndinatenga kope langa la malipoti a zaumoyo, kumapeto kwake n'kulemba njira ziwirizo moyandikana.

Basi imanyamuka mu Blantyre, n'kutuluka m'dziko pa Mwanza kulowa Mozambique pa Zobue. Imawoloka Zambezi ku Tete, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka pa Beitbridge, pamene imawoloka Limpopo. Kuchoka apo ndi Musina, Polokwane, Pretoria, kenako Johannesburg. Msewu wonsewo ndi makilomita oposa 1,700. Pali maboda atatu, ndipo pa boda iliyonse mumatsika kawiri, kudinditsa potuluka ndi polowa. Amene amayenda njirayi amati ikayenda bwino ndi tsiku ndi theka, koma pa Beitbridge pakakhala mzere wautali amakwana masiku awiri.

Ndege ilibe zokhotakhota zimenezo. Kuchokera pabwalo la Chileka kukafika pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg, mowongoka, ndi makilomita pafupifupi 1,350. Ndege zikuluzikulu zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita 800 pa ola kapena kuposerapo pang'ono. Mukagawa mupeza ola limodzi ndi mphindi 40, koma patikiti amalemba maola awiri ndi mphindi zingapo, chifukwa ndege imayamba yayenda pansi kupita poulukira, imakwera pang'onopang'ono, ndipo ikayandikira imachepetsa liwiro n'kudikira kuti ipatsidwe mpata wotera. Wonyamukira pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe ali ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndiye kuti pafupifupi maola awiri ndi theka. Ndege zina zimayamba zatera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kutenga anthu, choncho muziwerenga bwino tikiti musanalipire. Makampani a Malawi Airlines ndi Airlink ndiwo amadziwika panjirayi. Chosangalatsa n'chakuti wotchi simuisintha, pakuti nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi.

Pa ndalama, basi inapambana kutalitali. Tikiti ya ndege ya munthu mmodzi ikanatha kukweza pa basi anthu angapo. Koma ine ndinali ndi chifukwa china choopera basi. Zaka zingapo zapitazo mayi wina wa m'dera lathu anabwera kuchokera ku Joni pa basi, ndipo patatha masiku awiri mwendo wake umodzi unatupa, katumba akupweteka ndi kutentha. Apabanja ankauthowa ndi madzi otentha ndi kuusisita, poganiza kuti ndi kutopa. Nditamuona ndinawaletsa kusisita, n'kuwauza kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko anapeza kuti magazi anaundana mumtsempha wamkati mwa mwendo. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka kamatha kukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kufa mwadzidzidzi. Mayiyo anachira, koma anamwa mankhwala miyezi yambiri.

Vutoli anthu ambiri amaliika pa ndege, koma gwero lake ndi kukhala malo amodzi miyendo itapindika. Bungwe la World Health Organization linalengeza m'chaka cha 2007 kuti munthu akakhala pampando maola anayi kapena kuposerapo osayendayenda, kaya m'ndege, m'basi, m'sitima kapena m'galimoto, chiopsezo cha kuundana kwa magazi chimawirikiza pafupifupi kawiri. Kwa munthu wathanzi chiopsezocho chimakhalabe chaching'ono, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 6,000. Chimakula kwa okalamba, onenepa kwambiri, amayi oyembekezera kapena amene angobereka kumene, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, odwala khansa, ndi amene vutoli linawachitikirapo kale. Ndege ya ku Joni sifika n'komwe maola anayiwo. Basi imawapitirira kambirimbiri.

Tinapita ndi amayi kuchipatala ndi kabuku kawo. Adokotala anawayeza BP, anamvetsera mtima, anadina mapazi, n'kunena kuti ngati banja lingakwanitse, ndege ndiyo yabwino. Anatilembera mankhwala okwanira mwezi ndi theka. Tinagulitsa mbuzi zinayi ndi matumba a chimanga, alamu anatumiza zimene anali nazo, ndipo anzawo a achimwene a kumpingo wa ku Joni anasonkha zotsalazo.

Chimene amayi ankaopera ndege

Ndalama zitapezeka, amayi anakana. "Ine ndege ayi. Ndikwera basi, ndikafa ndikafere pansi."

Ndinadziwa kumene mantha awo ankachokera. Bambo analembedwa ntchito ya kumigodi ndi bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene tonse timalidziwa kuti Wenela. Dzinali lilipobe mu Blantyre, pamalo okwerera mabasi. Masiku amenewo Wenela inali ndi ndege zakezake, zimene zinkanyamula amuna kuchokera kuno kukawasiya ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankapita ku Joni pa sitima. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina ya mtundu wa DC-4, yobweretsa anthu a kumigodi kumudzi, inagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 anafa, oposa 70 mwa iwo Amalawi. Ngoziyo inachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko.

Amayi anali mtsikana wa mwana mmodzi kumsana, ndipo kontirakiti ya bambo inali pafupi kutha. Nkhaniyo anaimva pa wailesi ya mnansi. Kunalibe foni. Anatha milungu itatu osadziwa ngati ali mkazi wa munthu kapena wamasiye, mpaka kalata inafika. Bambo sanali m'ndegemo, anabwera patapita miyezi. Koma kuyambira pamenepo, ndege ikamadutsa pamwamba pa Michesi amayi sankayang'ana kumwamba.

Sindinawatsutse, pakuti mantha a zaka 50 sachoka ndi masamu a m'kope. Amene anathandiza ndi mayi wina wachikulire wa Dorika, amene anapitapo ku Joni pa ndege kukaona zidzukulu. Anabwera madzulo ena, anakhala pamphasa, n'kufotokoza zonse mwa dongosolo lake: pamene amayeza katundu, pamene amamanga lamba, phokoso la ponyamuka, chimbudzi cha m'ndege. Pomaliza anati, "Anzanga, mwana wanu akukuitanani. Mukufuna mukafike muli ndi mphamvu zomusamalira, kapena mukafike nanunso muli wodwala?" M'mawa mwake amayi anandiuza kuti ndigule matikiti.

Panatsala nkhani ya tsiku. Tikiti yotsikirapo mtengo inali ya Lachisanu masana. Koma m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa ku Johannesburg isanakwane 5:30, ndipo mukaphatikiza mzere wodinditsa pasipoti, kudikira katundu ndi msewu wopita kunyumba, Sabata likanatipeza tili pakati pa magalimoto. Tinasankha Lachiwiri. Inu okwera basi muziwerengera kwambiri zimenezi, chifukwa basi yonyamuka Lachinayi ikachedwa pa boda, dzuwa la Lachisanu likhoza kukulowerani muli pamzere pa Beitbridge.

Mtunda waufupi umene unatidyera nthawi

Mapasipoti atatuluka, tinanyamuka Lolemba 6 koloko m'mawa, chiperoni chili tolo. Kuchokera kwathu kukafika pa Phalombe ndi makilomita ngati 10, koma msewu wake ndi wamiyala, ndipo malo ena akuonetsabe zipsera za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'mapiri monga zinachitira pa napolo wa 1991. Tinakwera njinga zamoto zitatu, ina ya amayi, ina yanga, ina ya katundu. Ndinamuuza mnyamata wa amayi kuti, "Achimwene, awa ndi mazira, muyende nawo bwino." Tinatha mphindi 40.

Pa Phalombe minibasi inadikira kudzaza kupitirira ola. Inanyamuka, inaima pa Migowi, inaimanso paliponse pamene munthu anakweza dzanja, kudutsa ku Chiradzulu mpaka mu Limbe. Tinasintha minibasi kawiri, ndipo tinafika kwa msuweni wathu ku Chirimba 1 koloko itadutsa. Maola asanu ndi awiri, pa mtunda wosakwana makilomita 150. Mapazi a amayi anali atatupa kale. Ndinawagoneka, n'kuika pilo pansi pa miyendo, ndipo madzulo tinayenda pang'ono kuzungulira nyumba.

Apa m'pamene ndinaona kuti maola awiri olembedwa patikiti ndi kachigawo chabe ka ulendo. Munthu wa pa Fort Lister amatha nthawi yochuluka kuti akafike ku Chileka kuposa imene ndege imatha kuchoka ku Chileka kukafika dziko lachitatu. Tikanati tinyamuke kumudzi tsiku la ndege lomwelo, tikanaipeza itapita, ndipo ndege siimikidwa ndi dzanja.

Lachiwiri tinafika pabwalo kutatsala maola atatu. Chileka ili makilomita ngati 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre. Katundu anamuika pasikelo. Amayi anali atalongedza ufa woyera, nandolo ndi mbatata kuti mwana wawo akadye zakumudzi, koma mbatata ndi nandolo tinazisiya kwa msuweni usiku wake, chifukwa zinthu monga mbewu, zipatso ndi nyama sizilowa m'dziko la eni popanda chilolezo. Botolo la madzi tinamwera panja, pakuti pachipata chofufuzira salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Mankhwala a BP ndi kabuku ka kuchipatala ndinaziika m'chikwama changa cha m'manja, chifukwa sutikesi ikhoza kutsalira kapena kusochera. Pogula matikiti ndinali nditapempha mpando wamatayala, ndipo unatithandiza kwambiri, makamaka kumene tinkapita.

M'mwamba

Amayi anakhala kumpando wa m'mbali mwa kanjira, ine pawindo lakumanzere. Injini zitayamba kubangula anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zanga zinachita dzanzi, maso atatseka, milomo ikuyenda. Ndege inathamanga, inadzuka, nyumba za ku Chileka zinasanduka timabokosi ta machesi. Itakhota kuloza kummwera, ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Chakum'mawa, pamwamba pa mitambo yoyera, panatulukira phiri la Mulanje lonse lathunthu, ngati chilumba.

"Amayi, taonani kwathu."

Anatsegula diso limodzi, kenako onse awiri, n'kusendera kuwindo. "Ndi limeneli? Nanga likuoneka laling'ono chonchi bwanji?" Anayang'anitsitsa kufunafuna mpata wathu, koma mitambo inali itauphimba. Dzanja langa analisiya osazindikira.

Ndege zoterezi zimauluka pa mamita 10,000 mpaka 12,000, kutanthauza Sapitwa atatu kapena anayi mutawasanjikiza. Kumeneko mpweya ndi wochepa kwambiri moti munthu sangakhale moyo, choncho m'ndege amapoperamo mpweya. Komabe saufikitsa pa mlingo wa pansi. Umakhala ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400. Nditawerenga zimenezi ndinaseka, chifukwa ndiwo msinkhu wa pamwamba pa phiri lathu, kumene anyamata a kwathu amakwera ndi katundu wa alendo pamutu. Munthu wathanzi samva kanthu. Koma amene ali ndi matenda aakulu a mtima kapena a m'mapapo, kapena magazi ochepa kwambiri, ayenera kuonana ndi dokotala asanagule tikiti. Amayi oyembekezera nawonso afunse, chifukwa makampani ambiri amafuna kalata ya dokotala mimba ikapitirira milungu 28, ndipo salola kukwera ikapitirira milungu 36.

Mpweya wa m'ndege ndi wouma, umaumitsa kukhosi ndi m'mphuno. Atabwera ndi zakumwa tinapempha madzi, ndipo tinapemphanso kachiwiri. Chakudya chinali ndi nyama imene sitinaidziwe, choncho tinadya buledi ndi mtedza wokazinga umene tinatenga. Ndinaphunzira mochedwa kuti wofuna chakudya chopanda nyama amayenera kunena pogula tikiti, kapena kutatsala masiku awiri. Pa mphindi 20 zilizonse ndinkawakumbutsa amayi kuyendetsa mapazi, kukweza zidendene, kutsitsa, kuzunguliza akakolo, monga timachitira ndi okalamba pa tsiku la zaumoyo kutchalitchi. Chizindikiro cha lamba chitazima anaimirira n'kuyenda kukafika kuchimbudzi, n'kubwera akuseka kuti madzi ake amachita kulira ngati chilombo.

Pansi panadutsa mtsinje waukulu wonyezimira, umene ndinauzindikira kuti ndi Zambezi. Tinauwoloka m'kanthawi kochepa, ola loyamba lisanathe. Ndinaganiza za agogo, amene ankauwoloka pa bwato akuopa ng'ona, ndi za mabasi amene pa nthawi yomweyo anali pamizere m'maboda. Amayi anafunsa kuti, "Nanga boda tidutsa liti?" Nditawauza kuti Mozambique ndi Zimbabwe tikuzidutsa m'mwamba popanda wotidinda, anapukusa mutu.

Poyamba kutsika makutu anatseka. Ndinawapatsa switi kuti azimeza malovu, ndipo ndinawaonetsa kuyasamula. Mwana wina wakhanda kumbuyo kwathu analira kwambiri, mpaka mayi wake atamuika kubere, pakuti kuyamwa kumatsegula makutu a mwana. Matayala anagunda pansi patatha maola awiri ndi mphindi 10 chinyamukire. Amayi anati, "Tafika? Ngakhale nyemba sizikanapsa."

Ku Joni

Bwalo la OR Tambo, limene kale linkatchedwa Jan Smuts ndipo linalandira dzina la tsopanoli mu 2006, ndi mudzi pawokha. Makonde ake ndi aatali moti popanda mpando wamatayala uja amayi sakanafika. Wotikankhira anatidutsitsa podinditsa mapasipoti, pamene anatifunsa kumene tikukhala ndi tsiku lobwerera. Ndinali nditalemba adiresi ndi nambala ya alamu papepala, kuopa kuti foni ingathe moto. Anatidindira masiku 30, ndipo ndinalemba tsiku lothera pachikuto cha kope langa, chifukwa wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi.

Kunja kunali kuzizira kolasa m'mafupa. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700, pamene Chileka sifika mamita 800, ndipo usiku wa mu Juni madzi amatha kuundana panja. Ife a chiperoni tinkadziyesa odziwa chisanu, koma majuzi athu anachepa. Kuchoka pabwalo kukafika kunyumba, m'magalimoto a anthu oweruka kuntchito, tinatha ola ndi theka. Nditawerengera zonse, kuchokera pakhomo pathu Lolemba m'mawa kukafika pakhomo pa achimwene Lachiwiri usiku panadutsa maola 37, ndipo m'mwamba tinakhalamo awiri okha. Kusiyana kwake ndi basi n'kwakuti pakati pa maolawo amayi anagona pabedi, anayenda, anadya nsima yotentha. Pa basi, maola a msewu wa ku Joni akanabwera pamwamba pa tsiku lija la ku Phalombe.

Achimwene anali pampando, bulangete lili m'miyendo. Anali ataonda, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Amayi sanalire. Anavula nsapato, anakhala pambali pawo, anatenga dzanja lofookalo n'kuliika pamiyendo pawo, n'kuyamba kuliwongola chala chimodzichimodzi. "Ndabwera, bambo. Ndabwera pa ndege." Achimwene anayesa kuseka, misozi ikutsika. Anadziwa tanthauzo la mawu amenewo kuposa wina aliyense m'nyumbamo.

Tinakhala milungu itatu. M'mawa uliwonse amayi ankaphika phala la ufa uja, n'kuwayendetsa achimwene kuchoka pampando kufika pachitseko, monga anatiphunzitsira a mafizo. Ine ndinachotsa mchere patebulo, ndinkawayeza BP m'mawa ndi madzulo, ndipo ndinapeza kuti achimwene anauzidwa kalekale kuti BP yawo ndi yokwera, koma anasiya mankhwala chifukwa sankamva kupweteka paliponse. Abale, BP siimva kuwawa. Pamene tinkachoka anali akuyenda ndi ndodo kufika pageti, ndipo ankatchula maina a ana awo onse.

Kwa amene mukukonza ulendo

Si banja lililonse lingagulitse mbuzi zinayi, ndipo ambiri a ife tidzapitabe ku Joni pa basi. Palibe cholakwika. Ngati mukwera basi, tsikani paliponse pamene yaima, yendani, tambasulani miyendo. Musadzimane madzi poopa kufuna kutaya madzi panjira, imwani pang'onopang'ono. Valani zotakasuka, ndipo musaike katundu pamene payenera kukhala mapazi anu. Mukafika, kaya pa basi kaya pa ndege, mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, musausisite, pitani kuchipatala. Mukamva kubanika kapena kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi, ngakhale patatha milungu ingapo, thamangani.

Kumbukiraninso malungo. Udzudzu ukhoza kukulumani ku Phalombe, matenda n'kudzaonekera muli ku Johannesburg, kumene malungo si matenda a tsiku ndi tsiku. Mukatentha thupi uzani adokotala msanga kuti mwachokera ku Malawi ndipo akuyezeni. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV, tengani okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, m'mabotolo ake, pamodzi ndi kabuku kanu. Ndipo powerengera nthawi, yambirani pakhomo panu, osati pabwalo la ndege. Safunsa anadya phula: funsani amene anayendapo posachedwa, chifukwa masiku ndi maola a ndege amasintha.

Tinabwerera Lamulungu, n'kugonanso ku Chirimba. Pobwera amayi anapempha okha kukhala pawindo. Lolemba madzulo njinga zamoto zinatitsitsa pampata, dzuwa likugwera kuseri kwa phiri, ndipo anthu anadzaza pabwalo kudzamva za odwala ndi za ndege. Amayi anafotokoza zonse, osasiyapo ngakhale chimbudzi cholira chija.

Patapita masiku angapo ndinawapeza ataima pamunda, khasu lili pansi, dzanja lili pamphumi. Pamwamba pa Michesi pankadutsa ndege, kachinthu kakang'ono kosiya mzere woyera. Anaiyang'ana mpaka inabisika kuseri kwa phiri.

"Imeneyo ikupita kuti?" anandifunsa.

"Kaya, amayi. Mwina ku Joni."

"Ngati ndi ku Joni, akafika ife tisanaweruke," anatero, n'kutola khasu lawo.